Kheni ya Amayi Ili ku Namitete

Mudzi wa Kamphinda,
Namitete.

Wokondedwa mlongo wanga Aubrey,

Ndiyambe ndi moni monga anatilerera makolo, ngakhale mtima wanga lero suli pa moni. Uli bwanji ku Kepi kumeneko? Chifuwa chija unkadandaula m'nyengo yozizira chinasiya? Nanga alamu anga a Brenda ndi ana, akudzuka bwino?

Kuno Mulungu akutisunga. Dzuwa la Okutobala lafika poipa, zitsime zayamba kutsika. Mtsikana wanga Alinafe akupita kusukulu bwinobwino. Amayi ali moyo, koma sali pakhomo, ndipo chifukwa chake ndi iwe.

Ndalemba pamanja n'kupatsira mnzako Isaki, amene anabwera kumaliro a apongozi ake ndipo akukwera basi Lolemba. Pafoni umandidula ndisanamalize, umati mayunitsi atha. Pepala sungalidule, uwerenga mpaka pansi.

Uthenga wako wa mawu uja ndinaumva. Sindinaumve ndekha, chifukwa unauponya pagulu la pafoni la banja lonse, mpaka ana a azakhali a ku Kasiya anauseweretsa kubwerezabwereza. Unati mdadada wako wa ku Namitete uli ndi zitseko zisanu ndi chimodzi, chitseko chilichonse K25,000 pamwezi, ndipo masamu amenewa angakhoze ngakhale mwana wa Sitandade 4. Unati ndalama zikulowa ndithu, koma pali khoswe wa miyendo iwiri. Dzina sunatchule. Nanga makiyi a nyumbazo amasunga ndani, si ine?

Ndinapsa mtima, Aubrey, mpaka pano ndikadali wopsa mtima. Ine amene ndinakubereka kumsana amayi ali kumunda, lero ndasanduka khoswe pamaso pa ana.

Koma za khoswezo ndikanameza. Chimene chandigwiritsa cholembera ndi dimba. Watuma amalume a Elifasi kuti dimba la amayi la kudambo ligulitsidwe kwa Nasoni, uja wa mapampu amene akumeza madimba a anthu kuti azilimamo kabichi. Akuti ndalama zake umangire mdadada wachiwiri, amayi apume, azingodya za lendi. Nasoni wanena kuti abwera ndi ndalama mwezi uno ukamatha.

Ndiye khala pansi ndikuuze za nyumba yako imene umaidziwa pazithunzi.

Ukukumbuka tsiku lovundukula chiliza cha abambo, chaka chija unabwera? Unaimirira pamaso pa abusa ndi khamu lonse, utavala suti yako ya buluu, n'kunena kuti iwe uli moyo palibe m'bale wako adzagonenso panja podikirira wodwala kuchipatala cha Namitete, pakuti nyumba zilipo. Amayi a Chigwirizano anaimba nthungululu. Ngakhale ine ndinaimba nawo, sindikana. M'mawa mwake iwe unakwera basi n'kupita ndi nthungululuzo, ine unandisiyira lonjezo.

Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse ndi abale athu. Ngakhale a kutsidya kwa dambo, amene sitinadyepo nawo m'mbale imodzi, amafika n'kuyamba kundiwerengera mibadwo, kuti agogo awo ndi agogo athu ankatunga pachitsime chimodzi. Ndikati ndiyankhule za lendi amandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Amati mwini wake analankhula yekha pamanda a bambo ake, nanga inu ndinu ndani?

Ndipo undiuze, munthu wabwera ndi mayi wapakati wotupa miyendo, ndimubweze bwanji? Wina wabwera ndi mwana woti azikabayitsa jakisoni m'mawa uliwonse, ndimuuze kuti akagone pamsika? Sindingathe, ndipo iwenso ukanakhala pano sukanatha. Zitseko ziwiri zimenezo sizinabalepo ngakhale tambala. Zimangodya madzi ndi magetsi. Bambo wina analowa pa Khirisimasi n'kutuluka pa Pasaka, wodwala wake atachira kalekale, iye ali yakaliyakali kugulitsa chinangwa pamsewu.

Zitseko zina ziwiri zimakonda mavenda ogula soya ndi mtedza. Amenewo akafika mu Epulo ndi masikelo awo amalipira mosavuta, mwina n'kuwonjezera ya fanta. Zithunzi zija ndinkakutumizira, pakhomo pali piringupiringu, zinali za nyengo imeneyo. Msika ukangotha mu Ogasiti amanyamuka onse ngati mbalame pamunda wokolola. Amasiya simenti ya pansi itasweka ndi matumba, ndi makoswe enieni a miyendo inayi amene ukawaona ungathawe. Mmodzi anasamuka Lamulungu ife tili kutchalitchi, ananyamula loko, babu, ndi chogwirira cha chitseko chomwe.

Iwe pamasamu ako chaka chili ndi miyezi khumi ndi iwiri. Pa Namitete chaka cha lendi chimatha mavenda akapita. Kuyambira pamenepo mpaka chimanga chitacha, amene amabwera kudzafunsa nyumba ndi oti akulipira ndi nkhani. Fodya wako ndi wapamphuno, mlongo wanga, wapachala ngwamphepo, ndipo iwe wakhala ukuwerenga wapachala.

Munthu mmodzi yekha ndiye salumpha mwezi, a Stephano atelala. Amenewo Mulungu awadalitse. Koma nawonso sabata siitha osakangana ndi anzawo chifukwa cha ayironi yawo, poti mita ya magetsi ndi imodzi nyumba yonse. Ndinakuuza pomanga kuti tiike mamita osiyana, unati n'kuwononga ndalama. Mayunitsi akatha onse amaloza mnzawo, ndipo foni imalira ndi yanga. Ndimasiya khasu m'munda, kukwera kabaza ndi ndalama yanga ya mtedza, kupita kukaweruza mlandu wa ayironi.

Chitseko chachisanu ndi chimodzi chinakhala chotseka chaka chathunthu chifukwa cha kudontha. Mitengo ya denga inali bulugamu wamuwisi, chiswe chinangoti zikomo. Mmisiri uja unamupeza wotchipa anamanga njerwa ndi dothi, simenti anangopaka kumaso ngati mafuta odzola.

Zimenezi ndi zolowa. Tsopano imva zotuluka, zimene pauthenga wako sunatchule n'kamodzi komwe.

Mu Febuluwale wa chaka chatha chimbudzi chinatitimira ndi mvula. Mwayi munalibe munthu. A zaumoyo anabwera n'kunena kuti tikapanda kukumba china msanga, anthu onse atuluke, poti inali nyengo ya matenda otsekula m'mimba. Ndinakuimbira. Unati ntchito yavuta, abwana ako apita kutchuthi, ndione mochitira. Ndinakaona mochitira kwa amayi. Anatulutsa ndalama ya anyezi amene anakolola kudimba, imene ankasungira feteleza, ndipo ndi imene inalipira okumba, njerwa ndi simenti ya silabu.

Mphepo ya Novembala itasasula malata mbali ya kumadzulo, ndinakutumizira chithunzi. Unayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera. Manja opemphera sakhoma malata, Aubrey. Anakhoma malata ndi chimanga chachiwisi cha kudimba, chimene amayi anagulitsa chonse pamsewu osalawako n'chimodzi chomwe. Laimu wopaka makoma, maloko atsopano, mankhwala a chiswe, zonsezo ndi tomato ndi mpiru wa amayi.

Ndalama zija ndimakutumizira, zimene ukuti n'zochepa, ndi lendi yonse imene imalowa, yosachotsera kanthu. Amayi ndi amene analamula choncho. Anati mwana ali kuchilendo, zake zizimupeza zathunthu, zowonongeka tiziona ife. Ndinakuuzapo zimenezi kangapo konse, koma iwe khutu lako limamva zolowa zokha. Walira mvula walira matope. Iwe mvula ukuilandira ku Kepi, matope akuponda ndi mayi wokalamba kuno.

Ndiye taganiza bwino. Nyumba yako imayamwa dimba. Lero ukuti dimbalo ligulitsidwe kuti pabadwe nyumba ina yoyamwanso. Chimbudzi chikadzatitimira kachiwiri, adzakumbe ndi anyezi wa ndani?

Palinso china chimene ukudziwa bwino koma ukuchita ngati waiwala. Dimba lija si la amalume ndipo si lako. Linachoka kwa agogo aNachisale kubwera kwa amayi, likachoka kwa amayi libwera kwa ine, likachoka kwa ine ndi la Alinafe. Ndi nthaka ya mbumba. Ntchito ya mwamuna pa nthaka imeneyo ndi kulondera malire kuti alongo ake asalandidwe. Mdadada uli pa puloti yogula, pepala lake lili m'dzina lako, ndipo mawa udzakhala wa ana ako. Anawo ndimawakonda, ndi magazi athu, koma kwawo ndi ku Mponela kwa amayi awo, ndipo kumeneko minda yawo ikuwadikira. Alinafe alibe Mponela wina. Ukufuna usandutse dothi lake njerwa za anzake, kenaka ine ndiombe m'manja?

Amalume anabwera Lachiwiri, masabata awiri apitawo, kudzanena nkhaniyi. Anavala jekete lija unawatumizira, dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu koma osavula. Anakhala pampando n'kuyamba kulalikira kuti Aubrey ndi amene waona dziko, masiku ano chuma chili m'nyumba za lendi, zothirira ndi kheni n'zachikale. Anauza amayi kuti msana wawo watopa, apume, nyumba iziwadyetsa.

Ine ndinayankha, ndipo ndinayankha mokweza. Amalume anandiuza kuti ndikhale chete, akulu akuyankhula, ndiponso munthu amene akuganiziridwa za ndalama sayenera kutsogola pakamwa. Waona kumene mawu ako a khoswe afika? Andilanda pakamwa pabwalo la amayi anga omwe.

Amayi sanakangane ndi mlongo wawo. Umawadziwa, akakwiya kwenikweni mawu amachepa. Anangofunsa kuti, kodi achimwene, nyumba imadyetsa? Amalume anati kwambiri. Amayi anati chabwino, ndikaone.

Tsono chitseko chachisanu ndi chimodzi chija ndinali nditangomaliza kuchikonzetsa. Denga latsopano, laimu woyera bwino, ndipo namwino wina wachitsikana anali atachiona n'kuchikonda, anati alipiriratu miyezi itatu. Ndinasangalala, ndinati mwina mlongo wanga asiya kunditcha maina. M'mawa mwake, Lachitatu, amayi anandipempha kiyi wake, akuti akufuna akaone laimuyo popita kukatenga mankhwala awo a BP. Ndinawapatsa osaganiza kanthu.

Dzuwa linapendeka osabwera. Nditawatsatira ndinawapeza atayala mphasa m'chipindamo, bulangete apinda pakona, Baibulo lili pazenera. Kheni yawo yothirira ija, ya chigamba pansi, anaiimika pakhomo ngati mlonda. Anabwera nazo zonse pa kabaza, anthu akuwaonerera njira yonse. Ndinawafunsa kuti amayi, n'chiyani chimenechi? Anati abwera kudzapuma monga wanenera mwana wawo, ndipo akudikira kuti nyumba iwadyetse.

Namwino uja anabwera ndi ndalama zake m'manja, ndinamubweza ndi manyazi. Ndikanatani, ndikanatulutsa amayi ako?

Poyamba ndinaseka, ndinati mawa abwerera. Sanabwerere. Anandiikira lamulo loti adzadya zokhazo zimene nyumba yatsaza ikamaliza kudzidyetsa yokha. Anati nditenge lendi ya mwezi uno, ndilipire zonse za nyumba osakhudza tomato ngakhale mmodzi wa kudimba, chotsalacho ndiwagulire chakudya.

Ndinachita momwemo. Mwezi uno walipira ndi a Stephano okha, mavenda anapita kale. Nditagula mayunitsi, kulipira madzi, ndi kumalizitsa mmisiri amene anakhoma denga, chotsala chinagula paketi ya shuga, kamulu ka bonya ndi machesi. Ndinakawaikira pamphasa. Anaziyang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola, akuti penshoni yawo yafika, ndikuthokozere.

Ine sindinaseke. Ndinabwerera kumudzi, ndinatenga ufa, mpiru ndi tomato, ndinapita nazo. Anandibwezera zonse. Akuti ufawo unalimidwa ndi feteleza wa ndalama ya kudimba, ndipo masambawo ndi a Nasoni, iwo sadya za eni ake.

Ukudziwa amene akuwadyetsa amayi ako panopa? Ndi odikirira odwala aja, amene akukhala ulere m'zitseko ziwiri zija. Akaphika phala la wodwala wawo amapungulako pang'ono n'kukawapatsa. Limenelo amalandira, akuti ndi phala la nyumba. Mayi amene dimba lake ladyetsa maliro ndi maukwati a mudzi wonse, lero akudikira phala la odwala pakhomo la mwana wake. Anthu pamsika akulozerana kuti mayi a landilodi ndi amenewo.

Mankhwala awo aja safuna m'mimba mopanda kanthu. Lamulungu anachita chizungulire potuluka m'tchalitchi, akazi a Stephano ndi amene anawagwira asanagwe. Chitenje chayamba kuwazungulira kawiri. Ndawachonderera, ndalira, ndabwera ndi akulu a mpingo, koma akuti sakunyanyala, akungoyesa masamu a mwana wawo. Ndikuopa, Aubrey.

Kudimba ndikuthirira ndi ndowa, ine m'mawa, Alinafe akaweruka. Tomato wayamba kuyoyola maluwa. Nasoni akumabwera ndi amalume kudzayenda m'malire, manja kumbuyo, kuloza pamene adzaike pampu. Tsiku lina anandiuza kuti ndisavutike n'kuthirira, zonsezo adzazula. Ndinamuthira madzi kumapazi, ndinati dzanja laterereka.

Amalume ndawauza kuti nkhaniyi ndipita nayo kubwalo. Akuti pita, koma iwo akumvera mawu a Aubrey, ndipo amene angawaimitse ndi Aubrey yemweyo. Kubwalo ndipitadi ngati undikakamiza, ngakhale n'zochititsa manyazi kuti ana a mimba imodzi akaimirire pamaso pa anthu chifukwa cha nthaka ya mayi amene ali moyo. Koma milandu imatenga nthawi, ndipo thupi la amayi silidikira.

Usaganize kuti sindidziwa mmene unavutikira. Ndikudziwa kuti njerwa iliyonse ya mdadada uja unaigula utagwada m'maluwa a azungu, kuzula udzu ndi kuthirira kapinga woti palibe amene adzadye. Ndikudziwa kanyumba ka malata kamene umagonamo. Unafuna kuti ukadzabwera usadzakhale wopemphetsa, ndipo pamenepo sindikukutsutsa. Nyumbayo si yoipa. Ingathe kubala, utabwera kudzabweza pang'ono mawu ako a pachiliza, ndi pakamwa pako pomwe, kuti chitseko cha odwala chikhale chimodzi. Ingathe kubala utaika mamita, ndiponso utamasiya kenakake pambali mwezi uliwonse kodikira chiswe ndi mphepo. Ikayamba kudzidyetsa yokha, ndiye tidzakambe za mng'ono wake.

Za makiyi, ngati ndine khoswe, tchula munthu woti ndimupatse. Ndikamupatsa ndi manja awiri, ndi nambala ya mmisiri, ndi mlandu wa ayironi womwe. Koma ngati si ine khoswe, ukanene pagulu pomwe paja unanenera, ana a ku Kasiya amvenso.

Chachikulu ndi ichi. Isaki akangokupatsa kalatayi, usadikire kuti udye kaye. Imbira amalume, uwauze kuti dimba siligulitsidwa, Nasoni asunge ndalama zake. Ukatero imbira a Stephano, akapereke foni kwa amayi, amve mawu ako ndi khutu lawo. Za ine sakhulupiriranso, akuti ndingawanamize kuti adye. Mayunitsi akatha ukongole, tsiku limenelo usadule.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Brenda, uwauze kuti ndilibe nawo chifukwa. Ana uwapsompsone m'malo mwanga. Msuweni wathu Wilfred ukamuona umuuze kuti amayi ake akudandaula kuti wasiya kuimba foni. Alinafe akupereka moni kwa amalume ake, ngakhale wandifunsa funso loti iye adzalima kuti.

Ambuye akusunge pantchito, akuteteze m'misewu ya kumeneko, ndipo akutsegule makutu. Ndakukalipira chifukwa ndiwe wanga, wina sindikanataya naye inki.

Dzulo ndinauza amayi kuti ndikukulembera, ndinawafunsa ngati ali ndi mawu. Anati ndikupatse moni, ndipo uvale zotentha chifuwa chingabwerere. Kenaka analoza kheni ija pakhomo. Anati ukanena kuti dimba lilipo, akwera kabaza tsiku lomwelo, tomato sanafe, akhoza kudzuka. Koma ukanena kuti lagulitsidwa, Isaki akadzabweranso adzatenge kheniyo akupatse, uzikathirira maluwa a abwana ako, iwo alibenso nayo ntchito.

Ndine mlongo wako,
Gertrude